Kratom: tsamba limodzi, koma lamulo lake limasintha pa boda iliyonse

Miyezi yapitayi, m'magulu athu a WhatsApp a Amalawi okhala kuno ku Joni mwayamba kuoneka malonda a ufa wina wobiriwira wotchedwa kratom. Wogulitsa salephera kunena zinthu zitatu: ndi wachilengedwe, umapatsa mphamvu, ndipo ndi wololedwa. Chachitatuchi ndi chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Wololedwa kuti? Ufa womwewo ku Singapore ukhoza kukulowetsa m'ndende, ku Thailand anthu amawiritsa masamba ake n'kumagulitsa m'mabotolo boma likuona, ndipo ku America zimatengera chigawo chimene wagona usiku umenewo. Ife amene moyo wathu ndi wodutsa m'maboda, mapepala athu ali olendewera, sitingamve zoti chinthu n'chololedwa n'kungoti basi zatha.

Tiyambe ndi mtengowo. Kratom ndi masamba a mtengo umene akatswiri a zomera amautcha Mitragyna speciosa, wa banja limodzi ndi khofi. Umamera m'madera achinyontho a ku Thailand, Malaysia, Indonesia, Myanmar mpaka ku Papua New Guinea. Amene anaulemba koyamba m'mabuku a azungu, mu 1839, anali Mdatchi wina dzina lake Pieter Korthals, koma eni nthaka anali ataudziwa kalekale. Alimi, asodzi ndi ogwira ntchito m'minda ya labala ankatafuna tsamba laliwisi m'mamawa kuti apirire dzuwa ndi ntchito yakalavulagaga, ena n'kumaliwiritsa ngati tiyi akatsegula m'mimba, akadwala chifuwa kapena thupi likaphwanya. M'tsambamo muli mankhwala ambiri, koma awiri ndiwo akusowetsa tulo opanga malamulo. Woyamba ndi mitragynine, amene ndi wochuluka. Wachiwiri ndi 7-hydroxymitragynine, amene anthu amangomutchula kuti 7-OH, wochepetsetsa m'tsamba koma waukali zedi. Munthu akamwa pang'ono, maso amayera, kutopa kumachoka. Akawonjeza, zinthu zimatembenuka: thupi limalefuka, ululu umazilala, tulo timabwera, chifukwa mankhwalawa amakagwira mu ubongo malo omwe aja amene morphine ndi heroin amagwira. Pagona nkhani ndi pamenepa. Boma lina limayang'ana mlimi wotafuna tsamba kumunda, boma lina limayang'ana ubongo wogwidwa ngati wa munthu wa heroin, ndipo onse awiri akuona zoona.

Mbiri ya ku Thailand ndi imene inanditsegula maso, choncho mundilole ndikhalepo pang'ono. Dzikolo linaletsa kratom mu 1943. Mungaganize kuti anthu anali kufa, koma ayi. Nthawi imeneyo boma linkagulitsa lokha opium, mankhwala ozunguza bongo amene morphine ndi heroin amachokerako, ndipo linkapezapo msonkho wambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itafika kuderalo, opium anakwera mtengo, ndipo anthu amene anali ndi chibaba chake anayamba kuthawira ku tsamba la kratom, limene linkamera kuseri kwa nyumba, laulere, komanso linkawachepetsera ululu wosiya opium. Ndalama za boma zinayamba kuchepa. Lamulo linabwera loletsa kudzala mtengowo, ndipo imene inalipo kale inayenera kudulidwa. Mu 1979 anaulowetsa m'lamulo la mankhwala ozunguza bongo, m'gulu limodzi ndi chamba. Kwa zaka 78, mlimi wa kum'mwera kwa dzikolo ankatha kumangidwa chifukwa cha tsamba limene agogo ake ankatafuna popita kumunda. Kodi anthu anasiya? Sanasiye. Chimene chinachitika n'choti achinyamata anayamba kusakaniza madzi a masambawo ndi mankhwala a chifuwa ndi zakumwa za kola, n'kupanga chakumwa chotchedwa 4x100, choopsa kuposa tsamba lenilenilo.

Mu Ogasiti 2021, Thailand inachotsa kratom pa mndandanda wa mankhwala ozunguza bongo. Milandu zikwizikwi inathetsedwa ndipo ena amene anali m'ndende anatulutsidwa. Koma sanangotsegula khomo n'kuchokapo. Mu 2022 anakhazikitsa lamulo lapadera la chomerachi: osagulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18, osagulitsa kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, osagulitsira pasukulu, ndipo wofuna kutumiza kunja kapena kuitanitsa kuchokera kunja akhale ndi chiphaso. Tsambalo silinasinthe pakati pa 1943 ndi 2021. Chinasintha ndi kumene boma linkayembekezera ndalama, komanso kutopa ndi ndende zodzaza ndi anthu osauka.

Mukangodutsa malire kulowa m'Malaysia, kumene amalitcha ketum, nkhani ndi ina. Kumeneko mitragynine ali pansi pa lamulo la ziphe la 1952, ndipo wopezeka akukonza kapena kugulitsa madzi a ketum amalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, ngakhale mitengoyo ili mbwee m'midzi ya kumpoto kwa dzikolo. Indonesia ndiye ili pakati, mwendo uku mwendo uku. Kratom wambiri amene akumwedwa pa dziko lapansi amachokera kumeneko, makamaka ku West Kalimantan pa chilumba cha Borneo, m'mbali mwa mtsinje wa Kapuas, kumene mabanja ambiri anasiya kudalira labala n'kuyamba kuyanika masamba amenewa. Bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo lakhala likufuna chiletso kwa zaka zambiri, koma alimi ndi amalonda sanalole, ndipo mu 2024 boma linasankha kuika malamulo a katumizidwe ka kunja m'malo moletsa. Ufa umene ukufika m'manja mwa m'bale wathu ku Rosettenville kuno ku Joni, mwachidziwikire unayanikidwa kumeneko.

Chimene chimachititsa kuti dziko lililonse liziyendera yake n'choti kratom mulibe m'mapangano a United Nations a mankhwala ozunguza bongo, la 1961 ndi la 1971 lomwe. Heroin ndi cocaine zili m'menemo, n'chifukwa chake kulikonse kumene ungapite umadziwiratu. Mu 2021 komiti ya akatswiri ya World Health Organization (WHO), bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, inaunika kratom ndipo inapeza kuti umboni sunali wokwanira woti ayambe njira yomuika m'mapanganowo. Anagwirizana zongopitiriza kumuyang'anira. Ogulitsa amakonda kunena kuti WHO inavomereza. Sinavomereze ayi. Kukana kuletsa chinthu ndi kuuza anthu kuti azimwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ku America ndi kumene mkangano unafika pachimake. Mu Ogasiti 2016 bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la DEA linalengeza kuti liika mitragynine ndi 7-OH m'gulu loyamba la mankhwala oletsedwa, limodzi ndi heroin, mwachangu, popanda kufunsa anthu. Anthu anakwiya. Oposa 100,000 anasaina kalata yodandaula, aphungu a zipani zonse ziwiri analembera bungwelo, ndipo ambiri mwa odandaulawo anali asilikali opuma ndi anthu amene ankati tsambali linawathandiza kusiya mapiritsi oletsa ululu amene anali atawagwira ukapolo. Mu Okutobala chaka chomwecho DEA inabweza ganizo lake, zimene sizichitikachitika. Kuyambira pamenepo boma lalikulu silinaletse tsambali, koma bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA silinalivomereze ngati mankhwala kapena chakudya, ndipo limagwira katundu wake pa madoko. Zotsala anazisiyira zigawo. Alabama, Arkansas, Indiana, Vermont ndi Wisconsin analetsa. Utah mu 2019 inayamba njira ina, imene Georgia, Arizona ndi Nevada anatsatira: gulitsani, koma osati kwa ana, lembani zimene zili m'paketi, musasakanize ndi zina, ndipo 7-OH asapitirire mlingo woikika. Mu 2025 Rhode Island inakhazikitsa lamulo lochotsa chiletso chake, pamene Louisiana chaka chomwecho inali kuika chiletso chatsopano. Woyendetsa thiraki wa kumeneko akhoza kunyamuka m'mawa ali wosalakwa, pofika masana ali wopalamula, paketi ili pomwe anaiika.

Ku Ulaya ndingodutsa mwachangu. Britain mu 2016 inapanga lamulo la Psychoactive Substances Act loletsa kupanga, kugulitsa ndi kuitanitsa chilichonse chosintha maganizo a munthu, kupatula zochepa zimene anazitchula, monga mowa, fodya ndi khofi. Kratom anagwera m'menemo, ndipo wogulitsa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 7. Poland, Denmark, Latvia, Lithuania ndi Romania amamuletsa. Czech Republic, itaona ana asukulu akugula mosavuta, inasankha mu 2025 kumuika m'gulu latsopano la zinthu zogulitsidwa kwa akuluakulu okha, m'masitolo a ziphaso. Australia inamuika m'gulu la zoletsedweratu mu 2005.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Pa fulati imene ndimakhala pali mlonda wachikulire wochokera kunyanja, munthu waulemu, wa banja lake. Amalowa ntchito 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo masiku ena akangoweruka amakwera takisi kukagwira ganyu ya m'gadeni ku mayadi. Usiku wina wa dzinja ndinawapeza m'kachipinda kawo ka pageti, hita ili pamiyendo, akutapa ufa ndi supuni ya tiyi n'kumathira m'chivundikiro cha fulasiki. Fungo lake linali ngati la udzu wofota, ndipo ufawo sunkasungunuka bwino, unkayandama pamwamba.

"Madala, chimenecho n'chiyani?"

"Ndi tiyi wa mphamvu, achimwene. Anandipatsa mnzathu wa kusaiti ina. Ukamwa, usiku umaoneka waufupi, ndipo msana uwu umakhala chete."

Anandipatsa paketiyo kuti ndione. Inali yasiliva, yotseka ndi zipi, pamwamba atamata kapepala kolembedwa Green Maeng Da. Panalibe dzina la wopanga, panalibe adiresi, panalibe tsiku lothera ntchito, panalibe mlingo wa kamwedwe. Pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi, analemba kuti ufawu si woti munthu adye kapena kumwa. Nditawawerengera mawu amenewo anakhala kaye chete, kenako anati, "Nanga akugulitsiranji?" Anandiuza kuti poyamba theka la supuni linkawakwana, koma tsopano amathira masupuni atatu. Sabata ina ufa utawathera, mphuno zinkangochucha, miyendo ikuphwanya, tulo osabwera ngakhale masana, ndipo iwo ankayesa chimfine cha kuzizira kwa Joni. Sichinali chimfine. Thupi linali litazolowera, ndipo linkaitanitsa.

Funso lawo lija lili ndi yankho, ndipo yankholo lili m'malamulo a dziko lino. South Africa ili ndi malamulo awiri akuluakulu pa nkhani ngati izi. Lina ndi Drugs and Drug Trafficking Act la 1992, limene apolisi amamangira anthu. Lina ndi Medicines and Related Substances Act la 1965, limene limayendetsedwa ndi bungwe loona za mankhwala la SAHPRA kuyambira mu 2018. Lamulo lachiwirili limati chinthu chilichonse chimene chikugulitsidwa ponena kuti chimachiza kapena kuchepetsa matenda ndi mankhwala, ndipo chiyenera kutsata malamulo a mankhwala. Ndiye wogulitsa wochenjera amachita ziwiri. Pa WhatsApp ndi pakamwa amakuuza kuti ufawu umachotsa ululu, nkhawa ndi kutopa. Pa paketi amalemba kuti si womwa. Zikavuta, adzaloza paketi n'kunena kuti iye anachenjeza. Amene amatsala yekha ndi mlonda uja, amene sanawerenge tizilembo timeneto chifukwa Chingerezi chake ndi cha pageti. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri. Wogulitsa wadzitchinjiriza, boma silinayeze ufawo, ndipo ngozi yonse yatsikira kwa munthu wosauka kuposa onse.

Tisaganize kuti malamulo a kuno amayenda mowongoka pa zomera zina. Taonani chamba. Mu Seputembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta chamba kwake mosaonetsera, ndipo mu 2024 pulezidenti anasaina lamulo lake, koma kugulitsa n'koletsedwabe. Kwathu ku Malawi zili mozondoka: lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, koma mnyamata wopezeka ndi ndudu imodzi ku Nkhotakota amanjatidwa. Taonaninso khat, masamba amene abale athu a ku Somalia ndi Ethiopia amawadziwa bwino. Ku Kenya ndi mbewu ya malonda, Britain inaletsa mu 2014, ndipo kuno mtengo wake uli pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa pamene mankhwala a m'tsamba lake, cathinone, ali pa mndandanda wa zoletsedwa. Munthu amene akuganiza kuti lamulo ndilo lingamuuze ngati chinthu chili chabwino m'thupi mwake, akufunsa malo olakwika.

Nanga zoopsa zake zenizeni ndi ziti? Chibaba ndi choyamba, ndipo n'chenicheni. Ena amadzimbidwa, amaonda, amada m'masaya. Ena chiwindi chimatupa maso n'kuchita chikasu, ena amagwa ngati akhunyu. Ku America, bungwe loona za matenda la CDC linapeza kuti pakati pa Julayi 2016 ndi Disembala 2017 kratom anatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa za imfa za anthu 91, ndipo ambiri mwa iwo m'magazi mwawo munalinso mankhwala ena, makamaka fentanyl, mankhwala oletsa ululu aukali kuposa heroin. Ku Sweden anthu 9 anamwalira atamwa ufa wotchedwa Krypton, umene unali kratom wosakaniza mobisa ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa tramadol. Mu 2018 anthu 199 m'zigawo 41 za America anadwala matenda otsegula m'mimba a salmonella kuchokera mu ufa wosasamalidwa bwino. Mukaziyang'anitsitsa nkhani zimenezi, muona kuti kawirikawiri tsoka limabwera pamene ufa wasakanizidwa, waipitsidwa, kapena wamwedwa pamodzi ndi zina. Ndipo pano ndilankhule ndi ife eni ake. Ambiri mwa abale athu ali pa ma ARV, ena pa mankhwala a TB amene paokha amalemetsa kale chiwindi, ena pa mapiritsi a BP. Kratom amachedwetsa ntchito ya chiwindi yogaya mankhwala ena ambiri, kotero mapiritsi ena akhoza kuchulukana m'magazi. Ngati mukumwa ufawu, auzeni anesi kukiliniki. Kuwonjezapo mowa kapena mapiritsi ogonetsa ndiye kusewera ndi mpweya wanu.

Pali kusiyana kwina kumene ogulitsa safuna kuti mukudziwe. Tsamba lotafuna la mlimi wa ku Thailand ndi zinthu zimene zikupangidwa m'mafakitale masiku ano n'zotalikirana ngati masese ndi kachasu: gwero ndi limodzi, koma chinacho chatchezedwa mpaka kutsala ukali wokhawokha. Makampani ena amatenga mitragynine n'kumusandutsa 7-OH wambiri, n'kumuika m'mapiritsi, m'maswiti ndi m'timabotolo tomwa kamodzi, koma pa chikuto n'kulembabe kuti kratom. Ameneyu amagwira ubongo mwamphamvu ngati mankhwala a opium enieni. Mu Julayi 2025 FDA inapempha kuti 7-OH wotereyu aikidwe m'gulu la mankhwala oletsedwa, ndipo inanena poyera kuti cholinga chake si tsamba lachilengedwe. Kwa ine, apa ndi pamene opanga malamulo anayamba kufunsa funso loyenera.

Maganizo anga sindibisa. Sindikufuna kuti mlonda wathu uja amangidwe. Thailand inayesa njira imeneyo kwa zaka 78 ndipo inangodzaza ndende. Tikudziwanso amene amayamba kusechedwa m'misewu ya Hillbrow ndi Yeoville chinthu chikangoletsedwa: si mwini webusaiti wokhala ku mayadi, ndi ife olankhula Chizulu chopotoka. Koma kusiya zinthu chonchi, paketi yopanda dzina ikuyenda dzanja ndi dzanja, nakonso ndi kutaya anthu. Chimene ndingapemphe SAHPRA kuno, ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA kwathu, ndi chimene Thailand, Utah ndi Czech Republic anafikapo aliyense mwa njira yake. Wogulitsa adziwike ndi dzina. Ufa uyezedwe. Paketi inene mlingo wa mitragynine ndi 7-OH umene uli m'katimo, m'chilankhulo chimene wogula angamve. Ana asagulitsidwe. Zotchezedwa zija zikhale m'manja mwa madokotala kapena zisapezeke n'komwe. Ndipo wolemba kuti si womwa kwinaku akuuza anthu kuti amwe, ayankhe mlandu.

Pomwe tikudikira zimenezo, pali nkhani ya katundu wopita kumudzi. Ndamva kale ena akunena kuti atumizako mapaketi angapo kwa amayi awo a nyamakazi, kapena akayese msika ku Limbe. Chonde, abale anga, taganizani za ulendowo. Basi kapena thiraki yochoka ku Johannesburg imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, kenako Zobue ndi Mwanza kapena Dedza. Amenewo ndi mayiko anayi, lililonse ndi malamulo ake ndi apolisi ake. Wapolisi wa pa boda akatsegula chikwama n'kupeza ufa wobiriwira m'paketi yopanda dzina la wopanga, sakhala ndi makina oyezera pamenepo, ndipo chimene chimabwera m'mutu mwake choyamba ndi chamba. Munthu akhoza kukhala m'chitokosi cha dziko lachilendo kudikira zotsatira za kulabu, basi itapita kalekale. Ndipo nthawi zambiri wogwidwayo si mwini katundu. Ndi transipota amene mwamupatsa chikwama chomata ndi tepi pa Park Station n'kumuuza kuti muli zovala ndi sopo.

Kwa amene amakwera ndege kupita kutali kukagwira ntchito, nkhani ndi yolemera kuposa pamenepa, chifukwa m'mayiko ngati Singapore, Malaysia ndi Australia dzina la mitragynine linalembedwa m'lamulo, ndipo kunena kuti ku Joni ndinagula poyera sikupulumutsa munthu. Lamulo la South Africa loona za olowa ndi otuluka la 2002, pa gawo 29, limati munthu amene anapezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, kaya kuno kaya kudziko lina, ndi woletsedwa kulowa m'dziko muno ndipo sangapatsidwe chitupa chokhalira. Kutanthauza kuti paketi imodzi yogwidwa pa bwalo la ndege la kutali ikhoza kutseka ntchito ya kuno imene ikulipirira ana fizi kumudzi.